Anazungulira dziko lonse pansi pa nyanja, koma nyanjayo sanaione

Pa 17 Epulo 1960, tsiku la Pasaka, kachitsulo kena kanasuzumira pamwamba pa madzi kufupi ndi Cape of Good Hope, kanayang'ana kumtunda, kenako kanamiranso. Inali periscope (paipi ya magalasi yoonera za pamwamba uli pansi pa madzi) ya USS Triton, sitima yankhondo ya ku America yoyenda pansi pa madzi. M'katimo munali amuna pafupifupi 180 amene anali atatha miyezi iwiri asanawothereko dzuwa. Kumtunda kunalibe amene anadziwa kuti kwadutsa alendo, ndipo ngakhale akanadziwa, South Africa inali ndi zake. Apolisi anali atangopha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi, boma litakhazikitsa malamulo a nthawi ya chipwirikiti, anthu akutengedwa m'nyumba zawo usiku. Triton inakhotera kumpoto, ndipo pa 25 Epulo inafika pa timiyala ta St Peter and St Paul pakati pa nyanja ya Atlantic, pamene inayambira kuwerenga ulendo wake.

Kameneka kanali koyamba kuti anthu azungulire dziko lonse ali pansi pa madzi: makilomita oposa 49,000 m'masiku 60 ndi maola 21. Ferdinand Magellan, amene Triton inkalondola njira yake, ananyamuka ku Spain mu 1519 ndi zombo zisanu, ndipo chimodzi chokha n'chimene chinabwerera mu 1522, muli anthu 18, mwini ulendo ataphedwa m'njira. Tikamati Triton inachita zodabwitsa sitikukokomeza. Koma za m'nyanjamo amuna aja sanaone kanthu. Sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi ilibe windo ngakhale limodzi, ndipo kumene imayendako si pansi penipeni. Tikasakaniza pakuya ndi posaya, nyanja zamchere zimazama pafupifupi mamita 3,700, pamene sitima zotere zimangoyenda m'mamita mazana ochepa a chapamwamba. Kupita kutali ndi kupita pansi ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mpaka lero palibe chombo chonyamula anthu chimene chimatha zonse ziwiri.

Kumira si nkhani, mwala umamira. Luso lili pomira pang'ono n'kuima pomwepo, osakwera osatsika. Anthu ndi makina amakhala m'thupi lamkati lachitsulo cholimba, ndipo kunja kwa thupilo kuli matanki akuluakulu amene kunsi kwake n'kotsegula. Sitima ikakhala pamwamba, m'matankimo mumadzaza mpweya, ndipo madzi salowa chifukwa mpweyawo ulibe kothawira. Kaputeni akalamula kuti amire, amatsegula timabowo ta pamwamba pa matanki. Mpweya umatuluka ndi mkokomo, madzi n'kulowa kuchokera kunsi, sitima n'kulemera mofanana ndi madzi amene yawakankha. Pofuna kuvuuka amatseka timabowo tija n'kutulutsa mpweya wosungidwa m'masilinda, umene umakankhira madzi panja.

Zimenezi ndi za kumira ndi kuvuuka chabe. Tsiku ndi tsiku ntchito imakhala pa matanki ang'onoang'ono a kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, momwe amapopamo madzi uku ndi uku kuti mphuno kapena mchira usalendewere. Chakudya chikamadyedwa sitima imapepuka, ndiye amaonjezera madzi. Palinso tizipsepse tachitsulo m'mbali timene timaikweza kapena kuitsitsa ikamayenda. Chovuta n'choti madzi a m'nyanja salemera chimodzimodzi: ozizira ndi amchere wambiri amanyamula bwino kuposa ofunda kapena amchere wochepa. Triton ikudutsa pampata wa Lombok ku Indonesia, pamene madzi a ku Pacific amakumana ndi a ku Indian Ocean, inangotsika mwadzidzidzi popanda wina kulamula, ndipo oyendetsa anachita kulimbana nayo kuti iime.

Chimene chinkalepheretsa ulendo wotere kale chinali mpweya wa injini. Injini ya dizilo imafuna mpweya kuti iyake, ndiye sitima ya dizilo ikamira imayendera mabatire. Ikamayenda pang'onopang'ono mabatirewo amatha masiku ochepa, ikathamanga amatha m'maola, ndipo imayenera kukwera kufupi ndi pamwamba, kutulutsa paipi yokokera mpweya, kuliza injini n'kutchajanso. Sitima zitatu za asilikali apamadzi a South Africa, zimene zimakhala ku Simon's Town, n'zamtundu umenewu, zopangidwa ku Germany: SAS Manthatisi, SAS Queen Modjadji I ndi SAS Charlotte Maxeke. Dzina lomalizali ife a ku Joni timalidziwira kuchipatala cha ku Parktown, koma liliponso pa sitima. Ndipo ngozi yaikulu imene sitimazi zakumana nayo posachedwapa sinachitikire pansi. Pa 20 Sepitembala 2023, kufupi ndi Kommetjie, mafunde anakokolola asilikali amene anali pamwamba pa Manthatisi akugwira ntchito ndi helikopita, ndipo atatu anamwalira.

Mphamvu ya nyukiliya ndi imene inadula chingwe chimenechi. Uraniyamu amatenthetsa madzi, nthunzi n'kuzunguza makina, ndipo zonsezi sizifuna mpweya. USS Nautilus, sitima yoyamba yotere, inadutsa pansi pa madzi oundana a ku North Pole pa 3 Ogasiti 1958. Triton inali ndi makina anyukiliya awiri, kutalika kwake mamita 136, ndipo pa ulendo wonse inkayenda liwiro la makilomita pafupifupi 33 pa ola usana ndi usiku. Sitima zina za masiku ano zimaikidwa mafuta anyukiliya kamodzi kokha, okwanira zaka zoposa 30. Madzi akumwa amaphika a m'nyanja n'kuchotsa mchere. Chimene chimabweza sitima yotere kudoko ndi mimba za anthu. Ponyamuka, zitini za chakudya amaziyala ngakhale pansi m'tinjira, anthu n'kumayenda pamwamba pake mpaka atazidya. Ndiwo zamasamba ndi zipatso zimatha m'masabata oyambirira, kenako n'zam'zitini, zouma ndi za mufiriji basi.

Nkhani ya mpweya wopuma ili pawiri. Okosijeni amachepa, inde, koma chimene chimayamba kuvutitsa anthu otsekeredwa ndi mpweya umene iwo eni akutulutsa. Kaboni dayokisaidi akachuluka mutu umapweteka, munthu amafooka ndipo saganiza bwino. Sitima za lero zimagawa madzi ndi magetsi kuti zipeze okosijeni, pamene mpweya woipa umadutsa m'mankhwala otchedwa amine amene amaumeza. Fungo la mankhwalawa limakakamira m'zovala, moti wogwira ntchito m'sitima zotere akafika kunyumba amadziwika ndi mphuno. Triton, pa gawo lalikulu la ulendo, inkakwera kufupi ndi pamwamba usiku n'kukoka mpweya wabwino ndi paipi. Itafika m'nyanja ya Indian Ocean anatseka zonse kwa masabata awiri kuti aone mmene anthu angapirire, akuyatsa makandulo apadera amene akamayaka amatulutsa okosijeni. Pakati pa masiku amenewo anaonjezera mayeso ena: analetsa fodya kwa masiku angapo. Amuna amene anapirira miyezi iwiri yopanda dzuwa anayamba kukwiyirana chifukwa cha ndudu.

Anthu ambiri a m'sitimayo ananyamuka ku New London pa 16 Febuluwale asakudziwa kumene akupita. Kaputeni Edward Beach anawauza ali kale m'nyanja. Pasanathe masabata atatu, mmodzi anadwala timiyala ta mu impso, ndipo panalibe kuchitira mwina koma kumutulutsa. Anakumana ndi sitima ina yankhondo, USS Macon, kufupi ndi Montevideo usiku, ndipo Beach anangotulutsa nsanja yokha ya sitima pamwamba pa madzi, thupi lonse lili lomira, kuti wodwala atsike m'bwato. Ena anganene kuti kumeneko n'kubera, ine ndimati ndi nzeru: munthu anapulumuka, mbiri ya ulendo sinaonongeke.

Munthu mmodzi yekha wakunja ndi amene anaiona Triton mosayembekezera. Pa 1 Epulo, tsiku lomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anatulutsidwa m'ndende ya ku Gwelo, sitimayi inalowa mwakachetechete pagombe la chilumba cha Mactan ku Philippines, kumene Magellan anaphedwera mu 1521, kuti anthu ake aone chipilala chake kudzera pa periscope. Beach akutembenuza periscope ija, anangoona nkhope ya mnyamata ali m'bwato lake, nkhafi m'manja, akuyang'anitsitsa kachitsulo kokhala ndi diso lagalasi kamene katuluka m'madzi. Anayang'anana kwa kanthawi. Anamujambula chithunzi, sitima n'kuchoka. Mnyamatayo atapezeka pambuyo pake, anafotokoza kuti ankayesa chilombo cha m'nyanja, ndipo anachita mantha moti sanauze anthu kwawo.

Zimene amuna a mu Triton anaona ndi zoterezi: nsonga ya Cape Horn, Easter Island, Guam, mapiri a ku Cape, zonse pagalasi la periscope, aliyense pa mzere kudikira mpata wake. Zonsezo ndi za kumtunda.

Nanga sitima yopanda maso imadziwa bwanji pamene ili? GPS imene imatilondolera m'misewu ya ku Sandton siigwira pansi pa madzi, chifukwa mafunde a wailesi salowa patali m'madzi amchere. Sitima imadalira makina amene amamva kusuntha kulikonse. Amayamba ndi malo odziwika padoko, ndiye kukhota kulikonse, kuthamanga kapena kuchepetsa liwiro, amawerengera n'kunena kuti tsopano tili apa. Tizolakwika ting'onoting'ono timaunjikana masiku akamapita, n'chifukwa chake nthawi ndi nthawi sitima imakwera kukatsimikiza. A mu Triton ankayeza nyenyezi pa periscope. Makina awo oyezera kuya kwa madzi anafa m'njira, moti mbali yaikulu ya ulendo anayenda akudalira mapu ndi zida zina zongothandizira.

Maso enieni a sitima ndi makutu. M'madzi mawu amathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi mmene amathamangira mumpweya, ndipo amafika kutali modabwitsa. Mu 1991 asayansi analiza zokuzira mawu m'madzi kufupi ndi chilumba cha Heard, kum'mwera kwenikweni kwa Indian Ocean, ndipo mawuwo anamveka ku magombe onse awiri a North America. Sonar, chida chomvera mawu a m'madzi, ili mitundu iwiri. Ina imatumiza mawu n'kudikira kuti abwerere, ndipo imeneyi imaonetsa chimene chili kutsogolo, koma imaululanso pamene iwe uli. Ina imangomvetsera. Sitima zankhondo zimakonda yachiwiriyi chifukwa ntchito yawo ndi kubisala. Omvetsera odziwa ntchito amasiyanitsa sitima ya katundu ndi ya asodzi, nyimbo ya namgumi ndi kuthetheka kwa tinkhanu. Koma phiri silipanga phokoso. Pa 8 Januwale 2005, USS San Francisco ikuthamanga liwiro lake lonse kum'mwera kwa Guam, pa kuya kwa mamita pafupifupi 160, inawomba phiri la pansi pa nyanja limene silinali pa mapu amene ankagwiritsa ntchito. Mmodzi anamwalira, ambiri anavulala, mphuno yonse ya sitima inaphwanyika. Mu 2021 USS Connecticut inawombanso phiri lina ku South China Sea.

Za kupita pansi penipeni tinazikambirana kwambiri mu Juni 2023, pamene kasitima ka Titan kanasowa popita kukaona mabwinja a Titanic. Tinali ku Rosettenville pa msonkhano wa gulu lathu la maliro, aliyense maso pa foni, mawailesi akuwerenga maola a mpweya umene ankati watsala. Panali madala ena amene anabwera ndi Theba kalekale, n'kugwira ntchito m'migodi ya ku Carletonville mpaka kutchona. Atamva kuti Titanic ili pa mamita 3,800, anaseka pang'ono.

"Ana inu, pamenepo mpafupi. Ife tinkatsika m'chikepe, kusintha china, kusinthanso china, makutu kutseka, thukuta kamukamu. Bwanji osangowatsitsira chingwe n'kuwakoka?"

"Bambo, kumgodi munkayenda mumpweya," anayankha mnyamata wina amene amaphunzira za uinjiniya. "Mwala unali pamwamba panu, koma unkadzigwira wokha. Madzi sadzigwira. Onse amakutsamirani, pamutu, m'mbali, ndi kunsi komwe."

Madala aja anagwedeza mutu. "Mwala nawonso umalankhula, mwana wanga. Ukayamba kulira umathawa."

Onse awiri ankanena zoona. Mgodi wa Mponeng, wozama kuposa yonse padziko lapansi, umafika pafupifupi makilomita anayi, ndipo munthu amatsikako atavala ovolosi, chisoti ndi nyali. Pa kuya komweko m'nyanja, madzi amapanikiza kuwirikiza 400 mphamvu ya mpweya umene umatipanikiza kumtunda, chifukwa mamita 10 alionse amaonjezera muyeso umodzi wotero. Ofufuza amakonda kumangirira makapu a pulasitiki yofewa ija ya tiyi wa m'misonkhano kunja kwa kasitima kawo, atawalembalemba mayina. Akabwera nawo pamwamba amakhala atafota kufika pa msinkhu wa chala chachikulu, zilembo zili bwinobwino koma zazing'ono. Ndipo chitsulo chikagonja pa kuya kotere sichipereka mpata wothawa umene madala aja ankanena. Chimatha m'kanthawi kochepa kuposa kamene ubongo umafuna kuti uzindikire kuti chinachake chachitika. USS Thresher inaphwanyika motero pa 10 Epulo 1963, ndi anthu 129.

Apa ndi pamene njira ziwiri zija zimasiyanirana. Kuti sitima inyamule anthu oposa 100, chakudya cha miyezi, makina anyukiliya ndi zida, iyenera kukhala yaitali ngati paipi. Kuti paipi yaikulu chotero ipirire pansi kwambiri, khoma lake liyenera kukhuthala, ndipo likakhuthala kwambiri sitima imalemera moti singavuukenso. N'chifukwa chake sitima zankhondo zambiri zimathera pa mamita mazana angapo. Pamalo ozama kwambiri a Nyanja ya Malawi, pafupifupi mamita 700 chakumpoto, zambiri mwa izo sizingafike pansi zili zamoyo. Ya ku Soviet Union yotchedwa Komsomolets, yopangidwa ndi titaniyamu, inapitirira pang'ono mamita 1,000 m'zaka za m'ma 1980, ndipo imeneyo inali yapadera. Chinthu chimene chimapirira bwino kupanikizidwa mbali zonse ndi chobulungira, popeza mphamvu imagawika mofanana paliponse. Koma m'chibulumwa chachitsulo chokhuthala mumangokwana anthu awiri kapena atatu opinda miyendo, mabatire a maola ochepa, ndi tiwindo tating'ono. Chombo chotere sichipita kutali. Chimachita kunyamulidwa ndi sitima yapamwamba mpaka pamalopo.

Pa 23 Januwale 1960, kutatsala milungu itatu ndi masiku kuti Triton inyamuke, Jacques Piccard wa ku Switzerland ndi Don Walsh wa ku America anatsikira ku Challenger Deep, malo ozama kuposa onse, m'chigwa cha Mariana ku Pacific, pafupifupi mamita 10,900. Chombo chawo, Trieste, chinali chibulumwa chachitsulo cholendewera kunsi kwa thanki yaikulu yodzaza petulo, malita pafupifupi 85,000. Petuloyo sanali woyendetsera injini. Ndi wopepuka kuposa madzi ndipo safinyika ngati mpweya, ndiye ndi amene ankayandamitsa chombocho. Potsika chinkalemedwa ndi timibulu tachitsulo togwiridwa ndi maginito amagetsi, kuti magetsi akangozima timibuluto tigwe tokha, chombo n'kukwera. Kupanga chinthu moti chikaonongeka chizikubwezera kumtunda m'malo mokusiya pansi, kumeneko ndiye ndimati kuganiza. Anatsika kwa maola pafupifupi asanu. Ali pa mamita 9,000 anamva kuphulika kumene kunagwedeza chombo chonse: windo lina lakunja linali litang'aluka. Anapitirira. Pansi anakhalapo mphindi 20 zokha, ndipo matope amene anavundula potera anawalepheretsa kujambula chithunzi ngakhale chimodzi. Panapita zaka 52 munthu wina asanabwerereko, mpaka James Cameron anatsika yekha mu Malichi 2012.

Ulendo umene ndimauona kuti unayandikira kuphatikiza kutali ndi pansi ndi wa Victor Vescovo. Kuyambira Disembala 2018 mpaka Ogasiti 2019 anafika pamalo ozama kwambiri a nyanja zonse zisanu: chigwa cha Puerto Rico ku Atlantic, cha South Sandwich kum'mwera, cha Java ku Indian Ocean, Challenger Deep, ndi Molloy Deep ku Arctic. Kasitima kake, Limiting Factor, kanali ndi chibulumwa cha titaniyamu chokhuthala masentimita 9, cha anthu awiri, ndipo kanayesedwa n'kuvomerezedwa ndi akatswiri oima paokha kuti kangathe kutsika mobwerezabwereza. Komabe pakati pa nyanja ndi nyanja kankakwera pamsana pa sitima yaikulu. Titan inasiyana ndi zonsezi. Eni ake ankafuna malo a anthu asanu, ena mwa iwo olipira madola 250,000 aliyense, ndiye anapanga thupi lalitali la ulusi wa kaboni m'malo mwa chibulumwa chachitsulo, ndipo sanalipereke kwa oyesa oima paokha ngakhale akatswiri anachenjeza. Ulusi wa kaboni ndi wolimba ukamakokedwa, koma ukamapanikizidwa mobwerezabwereza umatha pang'onopang'ono m'kati mosaoneka. Pa 18 Juni 2023 kasitimako kanaphwanyika kakutsika, anthu asanu n'kufera pomwepo. Maola a mpweya amene dziko lonse linkawerenga aja analibe wowapuma.

Tizombo ting'onoting'ono toyenda pang'onopang'onoti ndi timene taonetsa anthu zimene zili m'nyanja. Kuwala kwa dzuwa kumakhala kutazilala pofika mamita 200, ndipo kupitirira mamita 1,000 ndi mdima wokhawokha. Asayansi ankakhulupirira kuti zamoyo zonse zimadalira dzuwa, kaya mwachindunji kaya podya zimene zadya zomera. Mu 1977 kasitima ka Alvin kanatsika mamita pafupifupi 2,500 kufupi ndi zilumba za Galápagos kukafufuza akasupe amadzi otentha. Amene anapita anali akatswiri a miyala, chifukwa palibe ankayembekezera zamoyo. Anapeza nkhono zikuluzikulu, nkhanu zoyera, ndi nyongolotsi zamitu yofiira zokhala m'timapaipi, zopanda kamwa kapena matumbo. Zonsezi zimadalira mabakiteriya amene amapanga chakudya kuchokera ku mankhwala a sulufule otuluka pansi. Mankhwala osungira zamoyo anali ochepa m'sitima yawo, moti zina anaziika mu vodka.

Chitsanzo china chili pafupi ndi ife. Mu Disembala 1938 Marjorie Courtenay-Latimer, woyang'anira nyumba yosungira zinthu zakale ku East London, anapeza nsomba yachilendo yabuluu pa mulu wa nsomba zimene asodzi anabwera nazo. J.L.B. Smith anaizindikira kuti ndi coelacanth, mtundu umene ankati unatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Yachiwiri inapezeka ku Comoros mu 1952. Koma zonsezo zinali zakufa kapena zotsala pang'ono kufa. Panatenga mpaka 1987 kuti Hans Fricke wa ku Germany aijambule ili yamoyo kwawo, ali m'kasitima ka anthu awiri ku Comoros komweko, pa mamita pafupifupi 200. Ndi pamene kunadziwika mmene imayendetsera zipsepse zake mosinthanasinthana, ndiponso kuti nthawi zina imaima chadodolido. Mu 2000 osambira anaipeza ku Sodwana Bay ku KwaZulu-Natal, ndipo kasitima ka Jago kanabwera kudzaziwerenga m'mapanga. Nsomba yotalika ngati munthu inakhala zaka zonsezo pa kuya kumene sitima zankhondo zimadutsa tsiku lililonse.

Masiku ano ntchito yambiri yapita kwa maloboti, ndipo sindikuona cholakwika. Mu Febuluwale 2022 sitima ya South Africa yofufuzira, S.A. Agulhas II, inanyamuka ku Cape Town motsogozedwa ndi Kaputeni Knowledge Bengu kupita ku Weddell Sea ku Antarctica. Pa 5 Malichi inapeza Endurance, chombo cha Ernest Shackleton chimene chinamira mu 1915, chili pa mamita 3,008, dzina lake likuwerengeka bwinobwino. Palibe munthu anatsika. Anatumiza makina, iwo ali pa makompyuta m'chipinda chofunda. Loboti silifuna mpweya kapena chimbudzi, ndipo likatayika pamalira a zachuma okha. Ngakhale ndi maloboti omwewo, zimene zachitika n'zochepa. Pansi pa nyanja pamene payezedwa bwino ndi sonar n'kulembedwa pa mapu ndi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi pang'ono. Pamene paonedwa ndi maso kapena kamera ndiye mpochepetsetsa: kafukufuku wina amene anatuluka mu 2025 anapeza kuti malo onse akuya amene anaonedwapo, kuwaphatikiza pamodzi, sakwana masikweya kilomita 4,000. Gauteng yokha ndi yoposa 18,000.

Amene akuthamangira pansi pa nyanja tsopano ndi a migodi. Kugombe la Namibia, sitima zikukumba kale dayamondi pansi pa madzi a mamita oposa 100. Ku Pacific, pakati pa Hawaii ndi Mexico, pa mamita oposa 4,000, pali timiyala takuda tambirimbiri tongokhala pamatope, tokhala ndi manganizi, nikelo, kobati ndi kopa, zofunika popanga mabatire. Timakula mamilimita ochepa pa zaka miliyoni imodzi. Ife amene timapuma fumbi la milu yachikasu ya ku Riverlea ndi ku Soweto mphepo ya Ogasiti ikayamba, tikudziwa kuti mgodi umatha koma zotsalira zake sizichoka, ndipo kumeneko angakumbe malo amene palibe anawaonapo n'komwe.

Pangano la United Nations la malamulo a nyanja, la mu 1982, limati pansi pa nyanja kunja kwa malire a mayiko ndi chuma cha anthu onse, kuphatikizapo a mayiko opanda gombe. Bungwe loyang'anira zimenezi, International Seabed Authority, lili ku Kingston ku Jamaica. Lapereka zilolezo zofufuzira pafupifupi 30, ndipo mayiko akhala akukangana kwa zaka za malamulo a kukumba kwenikweni. America sinavomereze panganoli, ndipo mu Epulo 2025 inalamula kuti zilolezo zake zokumbira zifulumizidwe payokha. Malawi inavomereza mu 2010, choncho ili ndi mpando pa msonkhano waukulu wa bungweli, ndi voti imodzi yofanana ndi ya China kapena Norway.